Mwamuna Sagona Kukhoma

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Mangochi, ndipo anthu amandidziwa kuti Che Jaffalie, amene sachedwetsa zovala kuposa mmene matelala ena amachedwetsera. Pa zonse zimene ndasokapo, chimene ndinachisoka mosamala kwambiri ndi pilo wamtali wondifika pachifuwa. Pilo yemweyo anatsala pang'ono kundithetsera banja.

Nkhaniyi inayambira pa mapiritsi. Papita zaka zambiri chindipezereni ndi bipi, matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo achipatala anandiuziratu kuti mapiritsi ake ndi a moyo wonse. Ndimamwa m'mawa uliwonse osaphonya, chifukwa ndinaona mmene bambo anga anathera, mbali imodzi itafa, akumwetsedwa phala ndi supuni. Koma chaka chathachi bondo la kumanja, lomwe limapalasa makina, linayamba kutentha ngati munthu waikamo khala la moto. Posakhalitsa phewa la mbali yomweyo linatsatira. Masana ndinkapirira, poti ntchito imaiwalitsa. Koma ndikangoti ndigone, bondo ndi phewa zinkayamba kuitanizana, ndipo tambala ankandipeza ndili maso.

Ndinakafotokozera Sisita Benedicta, namwino wa kuchipatala kumene ndimalandira mankhwala.

"Zimachitika, bambo," anatero. "Ena mwa mapiritsi amenewa akakhalitsa m'thupi amatha kuvutitsa molumikizana mafupa."

"Ndiye ndisiye kumwa?"

"Musayerekeze."

Adokotala anandiyesera mtundu wina, mapazi n'kutupa mpaka kukana nsapato. Mtundu wachitatu unandipatsa chifuwa chouma choti makasitomala anayamba kuima patali ndikamawayeza. Tinabwerera ku mapiritsi akale aja, ndipo Sisita Benedicta anandipatsa malangizo okhalira nawo. Ndizimwa madzi ambiri. Ndichepetse nyama ya mbuzi ndi usipa. Ananena za usipazo osaseka n'komwe, ngati sakudziwa kuti akuyankhula ndi munthu wobadwira m'mphepete mwa nyanja.

"Chachikulu ndi kagonedwe," anapitiriza. "Musagonere mbali yopwetekayo. Gonerani kumanzere, pilo pakati pa mawondo, wina mumukumbatire kuti phewalo lisalendewere. Mayi akunyumba muwauze, azikuthandizani."

"Ndiwauza," ndinatero. Ndinanena ndi mtima wonse, monga mmene ndimauzira kasitomala kuti abwere Lachinayi.

Sindinawauze, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Mkazi wanga Dinala ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. Ndinamukwatira mkazi wanga woyamba atamwalira. Tsiku la ukwati wathu, amayi ake aakulu, Abiti Ahmad a ku Namwera, ananena kukhitchini mokweza, dala kuti zimveke pabwalo, kuti mwana wawo wakwatiwa ndi munthu woti posachedwa azimunyamula. Ndinamva, n'kumwetulira ngati sindinamve. Kuyambira pamenepo thumba la mpunga ndinkasenza ndekha, njinga ndinkapalasa moimirira pamtunda, ndipo imvi ndinkameta zisanaonekere bwino. Tsono ndikanayamba bwanji kunena kuti sindingathenso kugona popanda chochirikiza?

Ndinaganiza ngati telala. M'malo mwa mapilo awiri ndinasoka mmodzi wamtali, woti ndimupane ndi mawondo kumunsi n'kumukumbatira kumtunda. Nsalu yatsopano sindinagule. Ndinalumikiza zidutswa zotsala ku zovala za akwatibwi, zonyezimira, zamaluwa, zina za lesi, n'kuikamo siponji yodulidwadulidwa. Anatuluka wokongola kwambiri. Ndinamukweza panjinga n'kupita naye kunyumba.

"Ichi n'chiyani, bambo a Nadia?" anafunsa Dinala. Amanditchula choncho potengera mwana wathu, amene ali kusukulu yogonera konko.

"Kasitomala sanabwere kudzatenga."

Anamuyang'ana piloyo kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. "Kasitomala wake ndi wooneka bwino," anatero, n'kubwerera kukhitchini.

Chikwatiranireni ndinkagonera kumanja, monga suna ya chipembedzo chathu imanenera, ndipo kumanja kwanga ndi kumene kumagona Dinala. Kugonera kumanzere kunatanthauza kumupatsa msana. Ndinamupatsa. Ndinagona tulo tokoma toti ndinali nditaiwala kuti tiliko, ndipo kunena zoona, sindinaganizeko n'komwe zimene munthu woyang'ana msanawo akuganiza.

Malangizo enawo ndinatsatiranso mokhulupirika. Dinala akaphika usipa wothira tomato, ndinkangotapa pang'ono n'kunena kuti ndakhuta. Nyama ya mbuzi ndinkaikankhira kumbali. Ndipo poti m'mawa bondo limakhala louma ngati chikuni, ndinkadzuka iye asanadzuke, n'kutsimphina mumdima kupita kumzikiti kukaswali Subuhi, pemphero la m'bandakucha. Ndikatha ndinkakhala konko mpaka mwendo utamasuka, kenako n'kulunjika kuntchito osadzeranso kunyumba kukamwa tiyi.

Ndinkadziona ngati munthu wochenjera. Sindinazindikire kuti ndasonkhanitsa zizindikiro zonse zimene mkazi aliyense kwathu kuno amazidziwa. Mwamuna akamakonzekera kutenga mkazi wachiwiri salengeza. Amayamba kubwera ali wokhuta, amalawirira osamwa tiyi, ndipo pogona amatembenuka.

Dinala anayamba kumutchula piloyo kuti mayi aang'ono.

"Ndiwayanike padzuwa mayi aang'onowa?"

"Ayanikeni."

"Sadandaula kutentha?"

Ndinkaseka, poganiza kuti banja lathu lili ndi nthabwala zabwino.

Tsiku lina nditaswali Alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka, ndinaweruka msanga, n'kupeza pakhonde panga pali msonkhano. Pampando panakhala achimwene anga aakulu, Che Swadick, nkhoswe yanga, amene kale ankakhoma maboti ku Nkopola. Pamkeka panali Abiti Ahmad, amene anatenga unkhoswe wa kuchikazi malume ake a Dinala atamwalira. Dinala anakhala pambali pawo atawerama, chikwama chake chomangamanga chili pamiyendo. Pampando wina, wotsamira khoma, anakhazikapo pilo uja chilili, ngati nayenso waitanidwa.

Tinapatsana salamu. Anafunsa za ntchito, ine n'kufunsa za mvula ku Namwera. Kenako Abiti Ahmad anakonza mpango wawo n'kuyamba.

"Che Jaffalie, ife sitinabwere kudzakangana. Mwana wangayu sakukana mitala. Chipembedzo chimalola, ndipo inenso ndinakhalapo pamitala, sindinafe. Chimene akukana ndi kusandutsidwa chitsiru m'nyumba mwake. Mutiuze dzina la mayiyo ndi kwawo. Akamva, aona yekha ngati akhale kapena akwere nane minibasi ya ku Namwera mawa."

"Mayi wake uti?"

"Amene amakuphikirani. Amene amakupatsani tiyi m'mawa. Amene mumamuyeserera pa chinthu ichi." Analoza piloyo ndi milomo.

Che Swadick anandiyang'ana mokhumudwa. "Jaffalie, nkhani ngati imeneyi umayamba wauza ine. Ndizimva kwa alendo, ine mkulu wako?" Kenako anatsitsa mawu. "Komatu pa msinkhu wakowu? Ndi wa kuno konkuno?"

M'mawu awo munali kudzudzula, komanso munali kaulemu kena kamene sanandipatsepo chibadwire. Ndinayang'ana Abiti Ahmad. Mayi amene ananena kuti ndine woti ndizinyamulidwa anali atayenda ulendo wonse wochokera ku Namwera chifukwa chokhulupirira kuti ndikutha kusamala nyumba ziwiri. Sindibisa, ndinamva kukoma. Ndinakhala chete kwa kanthawi, ndikusisita ndevu, kuti kukomako kukhalitse.

Dinala anamva kukhala chete kumeneko ngati yankho. Anaimirira, n'kunyamula chikwama.

"Amayi, tiyeni tikagone kwa achemwali. Ndamva."

"Ndi bondo," ndinatero.

Onse ananditembenukira.

"Bondo ndi phewa. Mapiritsi a bipi aja ndi amene akuchititsa. Ndikagonera kumanja sindipeza tulo. Anesi anati ndizigonera kumanzere, ndi pilo, ndiponso ndichepetse usipa ndi mbuzi. M'mawa ndimathawa kuti asandione ndikutsimphina. Mkazi wina palibe."

Ulemu uja unachoka pankhope ya Che Swadick ngati madzi pa nsalu ya nayiloni. "Basi? Nyamakazi?"

"Mapiritsi amachiza, sapweteka bondo," anatero Abiti Ahmad. "Amuna ndawamva akunamizira ntchito, maliro, ngakhale msonkhano wa kumzikiti. Wonamizira mapiritsi ndi woyamba uyu."

"Tikhoza kupita limodzi kuchipatala."

"Ndikapangenji kuchipatala? Tagonani apa tione."

Anasendera kumapeto kwa mkeka n'kundisiyira malo. Ndinayang'ana achimwene kuti andipulumutse, koma iwo anali atatenga kale piloyo n'kundipatsira ndi manja awiri.

Pabedi ndimangokhala n'kupendekeka, ndipo kumzikiti ndinali nditapeza kale ngodya yanga yotsamira chipilala. Kutsikira pamkeka anthu akuonerera ndi ntchito ina. Ndinagwira mpando, n'kutambasula mwendo wa kumanja, n'kutsika pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba. Bondo linalira loti aliyense anamva. Nditafika pansi ndinagonera kumanja kuti aone, ndipo sindinafunike kuchita sewero, nkhope inakwinyika yokha. Kenako ndinatembenukira kumanzere, n'kupana pilo ndi mawondo, n'kumukumbatira. Ndinagona choncho masanasana, munthu wa ndevu za imvi, pamaso pa apongozi, nditafungatira lesi ya akwatibwi a eni. Mayi wina wogulitsa mandasi amene ankadutsa pamsewu anachepetsa liwiro.

"Mmm," anatero Abiti Ahmad. "Kulira kwa bondoko si kwabodza."

Ndinaganiza kuti mlandu watha. Ndinadzutsa mutu kuti ndione Dinala akumwetulira. Anali chiimire, chikwama chili m'manja.

"Anesi akudziwa," anatero motsitsa. "Pilo akudziwa. Ine amene ndimakuchapirani ndi amene ndimauzidwa ndi msana."

"Mayi a Nadia, ndinkaopa kuti..."

"Ndinasintha kaphikidwe. Ndinagula mafuta onunkhira. Ndinkadzuka n'kumadzifunsa kuti ndalakwa pati. Bola akanakhala mkazi, ndikanadziwa kuti ndikulimbana ndi ndani." Anapuma. "Mapiritsiwo musiya liti?"

"Ndi a moyo wonse."

"Ndiye kuti msanawonso ndi wa moyo wonse."

Ndinkafuna kudzuka kuti ndiyankhule ngati mwini nyumba, koma ndinadziwa kuti kudzuka kukhala koipa kuposa kutsika kuja, choncho ndinangokhala chigonere.

Che Swadick anatsikira pabwalo n'kutola kamtengo. Ankhoswe salowa kuchipinda kwa eni, ndiye anajambula chipindacho pamchenga, akufunsa ine.

"Khoma lili uku? Bedi yatsamira khoma? Chabwino. Mlamu amagona kukhoma, iwe kutsogolo. Mitu ili kuti?"

"Kumpoto."

"Zosavuta. Tembenuzani mitu ipite kumiyendo. Ukagonera kumanzere uziyang'ana mlamu, ndipo ukhalabe kutsogolo." Anaponya kamtengo pansi ngati wamaliza boti.

"Ndiye mapazi aloza kuti?" anafunsa Abiti Ahmad.

Che Swadick anayang'ana chojambula chawo, kenako anayang'ana kumpoto, ku kibula, kumene timayang'ana poswali. Anatolanso kamtengo kaja.

"Iyayi, mapazi sangaloze kumeneko. Ndiye bedi isamukire kukhoma linali."

"Kuli chitseko, achimwene."

"Iikeni chopingasa."

"Sikwana. Ndinayeza ndi tepi pogula."

"Unamanga chipinda kapena khola la nkhunda?"

"Amene anayeza maziko ndinu."

Anajambula, kufufuta ndi phazi, kujambulanso. Anafika poganiza zogumula khoma n'kutsegula chitseko china. Abiti Ahmad anati mwina ndizigona chagada, ine n'kuwauza kuti ndinayesa, ndipo ndimaliza mkonono woti Dinala amandigwedeza poopa kuti ndikutsamwa. Anthu awiri akuluakulu anazungulira bedi ya pamchenga ija mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamsewu.

"Agone kukhoma," anatero Dinala.

"Ati bwanji mlamu?"

"Iwo agone kukhoma, ine kutsogolo. Akagonera kumanzere aziyang'ana ine."

Ndinaona pamchengapo kuti n'zoona. Zinali zapafupi ngati kutembenuza malaya. Koma m'miyezi yonse ija sizinandibwerere m'mutu, ndipo sindikukhulupirira kuti zikanandibwerera.

"Mwamuna sagona kukhoma," anatero Che Swadick. "Mwamuna amagona kutsogolo, kuchitseko. Chikalowa chinthu chiyambe chakumana ndi iye. Bambo athu anafa mbali imodzi, koma kukhoma sanagoneko."

"Apo ndiye anena zoona," anatero Abiti Ahmad. Aka kanali koyamba chiyambire ukwati wathu kuti ankhoswe awiriwa agwirizane. "Dinala, ndinakulangiza ndekha. Malo a mkazi ndi kukhoma. Ukagona kutsogolo ndiye kuti nyumba waitenga ndiwe. Anthu akamva aziti mwamunayu unamudyetsa."

"Amva kwa ndani, amayi? Kuchipindako amalowako ndani?"

"Zinthu zimamveka."

"Nanga wakuba akalowa?" anafunsa Che Swadick.

Dinala anandiyang'ana pamene ndinagonapo. "Alamu, wakuba akalowa, bambowa afunika adzuke kaye. Mwaona mmene atsikira. Dikirani muone mmene adzukire. Wakubayo adzakhala atafika ku Liwonde."

Abiti Ahmad anabisa pakamwa ndi mpango. Che Swadick sanaseke.

"Jaffalie, yankhula. Nyumba ndi yako. Koma udziwe kuti kwathu sizinachitikepo."

Ndine munthu wosafulumira kuweruza, ndipo mwambo sindiupeputsa. Amene anauika anali ndi zifukwa zawo, nthawi imene afisi ankalowa m'nyumba za udzu. Ndinaganiza za achimwene, amene sasunga nkhani kupitirira Lachisanu. Ndinaganiza za anzanga a pakhonde la sitolo, ndi dzina limene angandipatse. Kenako ndinayang'ana chikwama chija. Chinali chodzaza kwambiri, zipi osatsekeka bwino, ndipo pakona pankaoneka nsalu ya buluu imene Dinala amavala pa Idi pokha. Munthu wopita kukapuma masiku ochepa satenga nsalu ya pa Idi.

"Ndigona kukhoma," ndinatero. Mawuwo anatulukira pansi, pambali pa pilo, ndipo sanamveke ngati a mwini nyumba.

"Wati?"

"Ndigona kukhoma, achimwene."

Che Swadick anafufuta chojambula chawo ndi phazi. "Zisamveke kumzikiti."

"Zikamveka ndidziwa kuti zachokera kuti."

Abiti Ahmad anapukusa mutu n'kunena kuti ana a masiku ano amaitana ankhoswe kuti adzaonerere chabe. Dinala anaika chikwama pansi, mkati mwa chitseko.

"Mayi aang'onowa muwadule," anatero. "Wa m'mawondo ndalola. Wokumbatirayo ayi. Dzanjalo lili ndi poti likhale."

"Ndiwadula mawa."

"Sizasi ili m'nyumbamu."

Ndinawadula pomwepo, nditakhala pamkeka, n'kusoka pakamwa pake ndi singano ya pamanja, alendo akumwa tiyi. Podzuka ndinagwira mpando ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira Che Swadick, amene anayang'ana kumbali ngati sakundidziwa.

Madzulo amenewo titaswali Isha, pemphero lomaliza la tsiku, ndinakwera pabedi poyamba, n'kukwawira kumalo kumene sindinagoneko chigulireni bediyo. Ndinagonera kumanzere, n'kuika kapilo kaja pakati pa mawondo. Dinala anatsitsa neti n'kugona kutsogolo, atandiyang'ana. Anatenga dzanja langa la kumanja n'kuliika paphewa pake.

Posakhalitsa ndinamva msana ukuwotcha. Khoma limenelo limayang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa la Mangochi limaliwamba kuyambira masana mpaka kulowa. Njerwa zinkatulutsa moto ngati uvuni ya buledi. Mpweya sunkafikako. Neti inkandikhudza pakhosi, ndipo udzudzu unkaimba kuseri kwake, pafupi ndi khutu.

"Kukutentha kuno," ndinatero.

"Dikirani Okutobala."

"Zaka zonsezi kumakhala chonchi?"

"Mmm."

"Osanena bwanji?"

"Inu mumanena?"

Dinala anadziwongola bwinobwino, n'kutulutsa phazi limodzi kumphepete kwa bedi.

"Koma kuno kuli kamphepo," anatero. "Kakuchokera pansi pa chitseko. Ndiye kulondera mumanena kuja n'kumeneku?"

Ndinafuna kuteteza amuna onse a mtundu wathu, koma bondo linali litakhala chete, phewa lili pamalo, ndipo mkazi wanga ankaseka chapansipansi pafupi ndi nkhope yanga. Ndinangolisiya thukuta kuti lizituluka.